Kodi purosesa ikatentha kufika pati m'pamene tiyenera kuda nkhawa?

Wowerenga wina wa ku Chilomoni wandilembera imelo yodandaula kuti PlayStation 4 (PS4) yake, makina a masewera a kampani ya Sony, ikulira kwambiri ndipo imazima yokha masana, pomwe laputopu yake imayamba kuchedwa akasewerapo kwa kanthawi. Akufunsa momwe angayezere kutentha kwa purosesa (ubongo wa makinawa), komanso ngati ndi nthawi yosintha thermal paste, kaphala kamene amapaka pa purosesa kuti kutentha kuzichoka msanga.

Achimwene, tiyambe ndi laputopu, chifukwa ndiyo imayezeka mosavuta. Mkati mwa purosesa muli kale tizipangizo toyezera kutentha, kotero mukungofunika pulogalamu yaulere monga Core Temp kapena HWMonitor. Musawerenge manambala mutangoyatsa makina, koma yambani mwasewera, kenaka muone nambala yapamwamba yomwe pulogalamuyo yasunga. Madigiri 70 mpaka 85 pa ntchito yolemetsa si odetsa nkhawa. Mapurosesa ambiri a Intel malire ake ndi madigiri pafupifupi 100, ndipo akafika pamenepo amadzichepetsera okha liwiro kuti asapse, n'chifukwa chake masewera amayamba kudukizadukiza.

PlayStation siionetsa madigiri, imangochenjeza ikatentha mopitirira, choncho khutu ndi dzanja ndizo zoyezera zanu. Sony imati makinawa azigwira ntchito pamalo a madigiri 5 mpaka 35, koma chipinda chamalata chopanda siling'i chikhoza kupitirira pamenepo masana a mu Okutobala muno mu Blantyre. Ambirife timawatsekera m'kabati ya TV, n'kuwafunditsanso kansalu kokongoletsa, mpweya wotentha n'kumangozungulira momwemo. Atulutseni, ndipo pakhale mpata wa masentimita osachepera 10 kuchoka kukhoma.

Komabe ine ndikukayikira kwambiri fumbi, makamaka m'nyengo yachilimwe. Wokonza akatsegula makina otere amapeza fumbi litamatirira ngati bulangete pa tizitsulo topyapyala ta heatsink, tomwe timachotsa kutentha pa purosesa, fani ikuzungulira mwamphamvu koma mpweya osadutsa, ndipo kulira kuja kumachokera pamenepo. Poyeretsa, zulani kaye chingwe cha magetsi, ndipo pouzira mphepo gwirani fani ndi chala kuti isazungulire mopyola muyeso. Laputopu nayo musaiike pabedi, chifukwa matiresi amatseka mabowo opumira a kunsi kwake.

Thermal paste ibwere pomaliza, ngati kutentha sikunatsike mutayeretsa. Imauma ndithu pakapita zaka, ndipo PS4 inatuluka mu 2013, koma posintha, kadontho kakang'ono pakati pa purosesa n'kokwanira. Amene ali ndi PS5 asayerekeze kuchita zimenezi okha, chifukwa mmenemo Sony inaikamo liquid metal (chitsulo chamadzimadzi) m'malo mwa thermal paste, yomwe imadutsa magetsi ndipo ikadonthera pa bodi makina amatha kufa.