Tebulo langa likupotoka pa ŵ

FUNSO: Ndimasunga mayina a anthu ogula pa ngongole mugolosale yanga mu fayilo ya CSV (yomwe magawo ake amapatulidwa ndi chizindikiro cha koma) pa kompyuta ya Ubuntu. Mwana wanga anandilembera kapulogalamu ka bash koonetsa mayinawo ngati tebulo pa terminal (zenera lolembamo malamulo a kompyuta) pogwiritsa ntchito lamulo la printf. Mizere yonse imaima bwino, koma pomwe pali ŵ, ndalama za munthuyo zimasunthira kumanzere ndi danga limodzi. Kodi ndingochotsa kachipewako? Mayi wa golosale, Zomba

YANKHO: Musachotse, mayi. Dzina la munthu lisapunguke chifukwa cha makina. Ine vutoli linandidyera usiku wonse pamene ndinkakonza mndandanda wa kwaya yathu, ndikuganiza kuti ndalakwitsa kuwerenga madanga.

Nkhani yake ndi iyi. Mu UTF-8, njira yomwe kompyuta imasungira zilembo, w wamba amatenga bayiti (kagawo ka malo osungira) imodzi, koma ŵ amatenga ziwiri. Mukalemba %-15s, kutanthauza kuti dzina lipatsidwe malo 15, printf ya bash imawerenga mabayiti, osati zilembo zomwe maso anu akuona. Kwa iyo, mawu akuti Malaŵi ndi aatali mabayiti 7 pomwe inu mukuona zilembo 6, motero imaika madanga 8 m'malo mwa 9. Mzere wapotoka pamenepo. Dzina lokhala ndi ŵ awiri lingasunthe madanga awiri.

Muuzeni mwanayo asiye kuwerengera yekha madanga, ntchitoyi aipereke kwa pulogalamu ya column, yomwe imayeza kukula kwa chilembo monga chikuonekera:

column -t -s, ngongole.csv

Chenjerani ndi chimodzi: column imadula paliponse pomwe yaona chizindikiro cha koma (,). Mukalemba K12,500 idzagawa ndalamayo pawiri. Lembani 12500 basi, kapena patulani magawo ndi ; kenako mugwiritse -s';'.

Tebulo likatalika kupitirira zilembo 80, zomwe ndi mulingo womwe terminal zambiri zimatsegukira, mizere imapindikira pansi n'kusokonekera. Onjezerani | less -S kumapeto, ndipo muziyenda kumanja ndi kumanzere ndi mabatani a mivi. Mukatha dinani q.

Ngati mzere wina ukuvutabe, mwina ŵ wakeyo analembedwa ngati zilembo ziwiri, w ndi kachipewa kapadera. Mufufute n'kumulembanso, kapena mwanayo adutsitse fayilo yonse mu unicodedata.normalize ya Python ndi "NFC".