Kodi anamwino akale amanyoza zotsatira za kafukufuku?

Mtsikana wina amene akuphunzira unamwino wandilembera kalata pa imelo, ndipo akudandaula kuti atapita kukaphunzira ntchito m'wodi anapeza kuti zina zimene anaphunzitsidwa m'kalasi sizitsatidwa, ndiponso kuti akatchula zotsatira za kafukufuku, anamwino akuluakulu amangomuyankha kuti, "Kuno timachita chonchi." Funso lake ndi lakuti: kodi anthu amenewa amadana ndi chisamaliro chotsamira pa umboni wa kafukufuku?

Achemwali, yankho langa ndi lakuti ambiri sadana nacho. Mukawafunsa mmodzimmodzi, pafupifupi onse adzavomera kuti wodwala ayenera kulandira chithandizo chimene chinayesedwa n'kupezeka kuti n'chothandiza. Ganizo limeneli linatchuka kuchokera ku yunivesite ya McMaster ku Canada cha m'ma 1990, ndipo David Sackett, mmodzi wa amene analifalitsa, ankanena momveka bwino kuti umboni wa kafukufuku uyenera kuyendera limodzi ndi luso la wogwira ntchito komanso zofuna za wodwala. Choncho luso la sisitala amene wakhala m'wodi zaka 20 lili ndi malo ake, ngakhale kuti ophunzira ena amaiwala zimenezi akangotuluka m'kalasi.

Chimene ndaona pa zaka zanga za ntchito n'chakuti namwino amayeza njira yatsopano ndi kulemera kwa ntchito imene ali nayo kale. Taganizirani za malungo aakulu. Kale tinkapereka kwinini pa diripi, imene inkayenda maola 4 ndipo inkabwerezedwa maola 8 alionse, namwino akuyang'anira madontho ndiponso akuopa kuti shuga wa mwana angatsike. Mu 2010 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa AQUAMAT, amene anachitika pa ana oposa 5,000 m'mayiko 9 a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique, ndipo anaonetsa kuti pa ana 100 alionse olandira kwinini ankamwalira pafupifupi 11, pamene pa olandira mankhwala ena a malungo otchedwa artesunate ankamwalira pakati pa 8 ndi 9. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO litalangiza kuti artesunate akhale patsogolo, sindinamve namwino akulira kwinini, chifukwa jakisoni wa artesunate amaperekedwa m'mphindi zochepa chabe ndipo anapeputsa ntchito ya usiku.

Nkhani ya kangaru ndi yosiyana. Njira yofungatira mwana wobadwa masiku asanakwane pachifuwa cha mayi inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno ku Malawi inayamba pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Umboni wake ndi wamphamvu, koma imafuna kuti namwino akhale pansi ndi mayi, amuphunzitse kumanga chitenje ndi kumwetsa mkaka pa kapu, ayeze mwana pa sikelo tsiku lililonse, kenako akambirane ndi agogo amene akuona ngati mwanayo abanika. Namwino amene ali yekha usiku ndi odwala odzaza mpaka pansi adzavomereza zonsezi ndi mtima wonse, komabe zina adzazidumpha, ndipo wongodutsa adzati ndi mwano.

Sindikubisa kuti ouma mutu aliko, makamaka pamene malangizo atsopano abwera ngati lamulo lochokera kumwamba, kapena pamene munthu mmodzi yekha ndiye amapita kumaphunziro n'kubwerako osafotokozera anzake. Palinso vuto la ulemu wathu, loti wamng'ono amaopa kuwongolera wamkulu pamaso pa odwala.

Inuyo musatsutsane ndi sisitala pambali pa bedi. Dikirani nthawi yopatsirana ntchito kapena msonkhano wa m'mawa, mutenge buku la malangizo a Unduna wa Zaumoyo, ndipo mufunse ngati wofuna kuphunzira chifukwa chimene wodiyo imachitira mosiyana. Kawirikawiri mudzamva kuti mankhwalawo anatha mwezi watha kapena kuti chipangizo chinawonongeka, ndipo nkhani yotero ndi yofunika kukafika kwa matironi.