Pulani ya madoko yolembedwa tsiku ndi tsiku? Ayi achimwene

Achimwene ena andilembera imelo. Akukonza ulendo wa miyezi ingapo pa boti la matanga, kumangotsata gombe, ndipo anditumizira ndandanda yoti tsiku lililonse lili ndi doko lake, mpaka tsiku limene akazi awo adzatsike ndege kudzakumana nawo. Akufunsa ngati azigona mu marina, madoko omangidwa omangirirapo maboti, kapena aziponya nangula m'ma bay, malo amene nyanja yalowa kumtunda, komanso kuti pulaniyo ndikuiona bwanji.

Za marina ndi nangulazo ndiyankha, musadandaule. Koma ndandandayo achimwene, nditangoiona mtima unangoti myuu.

Ndinayendapo ndi kaputeni wina ku zilumba za Cyclades ku Greece, ine ndili wongothandiza kukoka zingwe. Munthu wodziwa ntchito yake, pamenepo sindingamunamizire, koma anali atalonjeza alendo ake kuti akawatenga pa chilumba china tsiku lakutilakuti, matikiti a ndege atagulagula kale. Nde inali nyengo ya meltemi, mphepo yakumpoto ija imene imavuta pa nyanja ya Aegean kumeneko makamaka mu July ndi August, imene imawomba kumwamba kuli mbee popanda ndi kamtambo komwe moti wosadziwa angati lero ndiye kwacha bwino, chonsecho imatha kutenga masiku angapo osapuma. Maboti ena onse mu bay yomwe tinagona anangokhala phee, ena akuchapa zovala, ena akusambira, ife nde tizule nangula tizipita. Kumene tinkapita kunali kumpoto komweko kumene mphepo imachokera, ndipo boti la matanga silingalunjike mphepo, umayenda mokhotakhota pafupifupi madigiri 45 mbali iyi kenako mbali inayo, tsono mtunda umene pamapu unkaoneka wa theka la tsiku unatidyera tsiku lonse, mafunde akukwera pamwamba pa boti, aliyense kusanza, mbale kugwa m'makabati. Tinafika kutada bii pa bay imene panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife anali atalowamo. Magetsi a m'tauni ndi magetsi a doko onse kumangooneka chimodzimodzi. Nangula tinaponya pa udzu wa pansi pa nyanja, osagwira, kukoka, kuponyanso, kwinaku mphepo ikutsika m'mapiri mwaukali kuposa imene tinaisiya kunja kuja, pakuti kuseri kwa chilumba cha mapiri aatali mphepo simatha ayi, imachita kugwa kuchokera pamwamba. Palibe anagona usiku umenewo. Ndipo chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'choti zilumba zimenezo zili ndi ma ferry, alendo aja akanangokwera n'kudzatipeza pamene tinali, ife tili phee ngati anzathu aja.

Nde ine sindipsatira, pa boti chinthu chimene chimavulaza anthu kwambiri ndi kalendala. Wobwera kudzakuonani muuzeni malo kapena muuzeni tsiku, chimodzi, osati zonse ziwiri. Mlamu wangayo akatsika ndege akwere basi kapena ferry akupezeni kumene mphepo yakusiyani, sadzakwiya, ndipo olo atakwiya zidzatha.

Komanso masamu a mu ndandanda yanu sakundikomera. Boti lapakati, pa ulendo weniweni, muziwerengera ma knot 5, kutanthauza mailosi a panyanja 5 pa ola, ndipo mailo imodzi ya panyanja ndi mamita 1,852. Mailosi 40 ndi maola 8 amenewo, zonse zikayenda bwino. Inu mwaika masiku ambiri otsatizana a mtunda woposa pamenepo, ndiye muzifika nthawi yanji? Ine lamulo langa ndi loti doko lachilendo ndilowe dzuwa likadali pamwamba, cha m'ma 2 kapena 3 masana, kuti ndikapeza modzaza kapena mafunde akulowa ndikhale ndi nthawi yopita kwina kusanade. Kumalo a miyala ya korali nde nkhani yake ndi ina, umafuna dzuwa lili pamwamba komanso kumbuyo kwako kuti uziona mtundu wa madzi, chifukwa likakhala kumaso madzi onse amangonyezimira ndipo mwala umaudziwa utaugunda kale. GPS imakuuza bwinobwino pamene uli, koma mapu a madera ena anajambulidwa kalekale ndipo mwalawo sakuuonetsa pamalo pake.

Ndisanaiwale, poti simunanene kuti mukuyenda gombe liti. Zizindikiro zolowera padoko sizofanana dziko lonse. Ku Europe, Africa, Australia ndi mbali yaikulu ya Asia, ukamalowa chofiira chimakhala kumanzere. Ku America konse, Japan, South Korea ndi Philippines chofiira chimakhala kumanja. Anthu amaseka ndikawauza izi, mpaka tsiku limene atopa ndipo mutu wabwerera ku zimene unazolowera. Ndipo mukalowa dziko lina simungangoima pa bay iliyonse yokusangalatsani, mumayamba mwapita pa doko lovomerezeka, mbendera yachikasu ya Q, yopempha chilolezo cholowa, ili m'mwamba, mpaka a kasitomu ndi a imigireshoni athane nanu. Zimenezo zokha zimatha kudya tsiku lathunthu, mu ndandanda yanu sindinalione tsikulo.

Tsono za nangula

Bay iliyonse ndi yabwino pa mphepo ina ndipo ndi msampha pa mphepo ina. Funso loyamba n'loti yatsegukira kuti, ndipo mphepo usiku uno ichokera kuti. Ikatembenuka n'kuyamba kukukankhirani kugombe, chokani, olo ikhale 2 koloko usiku, nchifukwa chake ndisanagone ndimayang'aniratu njira yotulukira. Pansi pa mchenga kapena matope nangula amagwira bwino, pa udzu ndi pa miyala amanama. Ku zilumba za Balearic ku Spain nde kuponya nangula pa udzu wa m'nyanja wotchedwa posidonia ndi mlandu kumene, lamulo lake ndi la 2018.

Tcheni musaumire. Ambiri timatulutsa kutalika kochulukitsa ka 4 kapena ka 5 kuya kwa madzi, mphepo ikakula mpaka ka 7, ndipo kuyako muziwerengera pamene madzi adzadze, kuphatikizapo kutalika kwa mphuno ya boti kuchokera pamadzi. Apa ndi pamene ozolowera Mediterranean amagwa nayo, chifukwa kumeneko madzi a m'nyanja sakwera ndi kutsika kwenikweni, pamene ku Saint-Malo ku France amatha kusiyana ndi mamita 12, ku Bay of Fundy ku Canada mpaka cha m'ma 16. Malo ambiri madzi amadzaza kawiri pa maola 24 ndi mphindi 50, ndipo amasiyana kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene. Waponya nangula pa mamita 3 madzi atadzaza, pakati pa usiku boti lagona chammbali pamatope. Mukaponya, bwezani boti m'mbuyo ndi injini pang'onopang'ono mpaka tcheni chiti gwaa, yang'anani zinthu ziwiri kumtunda muone ngati zikusuntha. Usiku nyali yoyera pamwamba pa mlongoti, wailesi yolankhulirana ya VHF pa channel 16, imene maboti amaitanirana. Ndipo chonde musadzaime pamphuno pa boti la mnzanu pamene bay yonse ili ndi malo, anthu amenewo amanditopetsa zedi, amabwera mochedwa, kuponya katcheni kochepa, n'kutsika kupita kumtunda kusiya boti lawo kuti tiziliyang'anira ife.

Kuyankha funso lanu lija, masiku ambiri gonani pa nangula, marina muzilowa mukafuna madzi, dizilo, kuchapa, kukonzetsa chinthu, kapena mphepo yoipa ikamabwera ndipo palibe bay yobisalamo. Ndandandayo ing'ambeni, m'malo mwake pa chigawo chilichonse lembani malo awiri kapena atatu otsegukira mbali zosiyana. Madeti oyenera kulemba ndi a nyengo ndi a visa basi. Anamondwe a ku Atlantic nyengo yawo ndi 1 June mpaka 30 November, kum'mwera chakumadzulo kwa Indian Ocean ndi November mpaka April, ndipo ngati ndi ku mayiko a ku Europe a m'gulu la Schengen ndipo ndinu mlendo, muli ndi masiku 90 pa masiku 180 aliwonse. Mundilembere gombe lenileni limene mukupita tione limodzi malo obisalamo.