Kukwera mapiri m'nyengo yozizira kuno ku Mzuzu: yankho kwa achemwali ofunsa za ulendo wa Loweruka

Achemwali, mwati mukufuna kulowa gulu la anthu oyenda m'mapiri, lija limanyamuka Loweruka m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo, koma mukuopa kuzizira kwa Juni ndi Julayi. Mwafunsa zovala, zonyamula, komanso ngati kuli bwino kungodikira Seputembala. Musadikire. Miyezi inoyi ndiye yabwino kuyenda: mvula yaikulu yatha, mitsinje yatsika, ndipo utsi wa moto wa tchire sunaphimbe mapiri, moti mukaima pamalo okwera kum'mawa kwa tauni tsiku lopanda nkhungu maso amafika kutali, kumunsi kwa Nkhata Bay. Pofika Seputembala ndi Okutobala kumakhala fumbi, utsi ndi dzuwa loswa mtengo.

Koma mudziwe chimene chimavulaza anthu nyengo ino. Si kuzizira kumene mumakumva potuluka m'nyumba ku Chibavi kapena ku Luwinga 5 koloko m'mawa. Kumeneko kumatha mukangoyenda mphindi khumi. Chimene chimagwetsa munthu ndi kunyowa kukakumana ndi mphepo, iye ataima. Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10 kawirikawiri. Mukamakwera, pa mamita 1,000 aliwonse kumazizira ndi madigiri ena pafupifupi 6, ndiye pamwamba palibe mitengo kapena nyumba zotchinga mphepo. Munthu amakwera chitunda atavala juzi ndi jekete, thukuta n'kunyowetsa malaya am'kati, n'kufika pamwamba, n'kukhala pamwala kuti adye. Pakatha mphindi makumi awiri milomo yayamba kunjenjemera. Chovala chonyowa chimakoka kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa chouma, ndipo nsalu ya thonje ikanyowa siuma msanga m'nyengo ngati ino.

N'chifukwa chake pa zovala tikhalitsepo. Musavale chinthu chimodzi cholemera. Valani zitatu zopepuka zoti muzitha kuvula ndi kuvala. M'kati, malaya a nsalu ya polyester, onga majezi a mpira aja. Pakaunjika mumsika waukulu alipo ambirimbiri, ingoyang'anani kachikwangwani ka m'khosi kapena ka m'mbali kuti muone ngati si thonje. Pamwamba pake juzi ya fleece kapena ya ubweya. Kunja kwenikweni, jekete yopyapyala yotchinga mphepo ndi mawawa, yokhala ndi chipewa chake. Jekete zonenepa zofufuma zija ndi zabwino pokwera kabaza m'mawa, koma pachitunda zimakuphikani, ndipo zimadzaza chikwama mukavula. Jinzi isiyeni kunyumba. Ikanyowa ndi mame imalemera, imakwecha m'ntchafu, ndipo imakhala yonyowa mpaka madzulo. Thalauza ya masewera ndiyo ikuyenera. Amene mumakonda siketi, valani thalauza yothina m'kati, chitenje muike m'chikwama. Chitenje chimagwira ntchito zambiri kuphiri: kukhalira, kufunda, kumanga phazi la munthu amene wabinya.

Kavalidwe kake ndi aka. Ponyamuka muzimva kuzizira pang'ono. Ngati mukumva kufunda musanayambe n'komwe, mwavala zambiri. Thupi likayamba kutentha, vulani juzi thukuta lisanatuluke, musadikire kuti gulu liime. Mukangoima kuti mupume kopitirira mphindi zisanu, valani jekete nthawi yomweyo, ngakhale mukumva kutentha. Ambiri amachita mosemphanitsa, amavula akaima n'kuvala akamayenda. Ndipo m'chikwama mukhale malaya ena ouma ndi masokosi ena, zomangidwa m'jumbo yosabooka. Kachipewa ka ubweya ndi magolovesi otchipa sizilemera, tengani.

Mapazi nawo amanyowa ngakhale kusagwe mvula. Udzu wa Juni umakhala wautali ndipo mame sachoka mpaka cha m'ma 9 koloko, kotero amene ali kutsogolo amanyowa mpaka m'mawondo. Simukufunika majombo odula. Nsapato ya masewera yokhala ndi mano pansi ndi yokwanira, bola ikhale yoti mwaiyendera kale masabata angapo ndipo chala chachikulu chisamagunde kutsogolo, chifukwa pamtsetse ndi pamene zikhadabo zimada n'kuzuka. Nsapato yosalala pansi ndi yoopsa pa dothi lofiira lonyowa ndi pa masamba a paini ouma, amene amaterera ngati therere. Mukamva pachidendene pakutentha, imani, matanipo pulasitala thuza lisanatuluke. Likatuluka ndiye kuti makilomita otsalawo muwayenda motsimphina, ndipo gulu lonse lichedwa.

Kuchedwako ndiye vuto lachiwiri, ndipo ambiri salilabadira. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa cha m'ma 5:30 madzulo, ndipo m'nkhalango yowirira mdima umayamba lisanalowe. Gulu la anthu khumi kapena khumi ndi asanu osiyana mphamvu limayenda makilomita 3 pa ola pamalo abwino, osati 5 ngati munthu mmodzi pamsewu. Onjezerani ola limodzi pa mamita 400 mpaka 500 aliwonse okwera, kenako ola lina la kudya, kupuma ndi kujambula zithunzi. Ulendo wa makilomita 12 wokwera mamita 500 ndi wa maola 6. Mukayamba kuyenda 7 koloko mwamaliza 1 koloko masana, ndipo muli ndi maola anayi osungira ngati china chavuta. Mukayamba 10 koloko chifukwa minibasi inali kudikira anthu pa Katoto, wina akuti ndili pafupi pomwe ali m'bafa, mwadya kale atatu mwa maola osungirawo. Gulu lodziwa ntchito limagwirizana nthawi yobwerera lisananyamuke, tinene 12:30, ndipo ikakwana onse amatembenuka, kaya nsonga ya phiri ikuoneka pafupi bwanji. Aliyense akhale ndi tochi yakeyake. Ya pafoni musaiwerengere, batire imatha msanga kukazizira komanso foni ikamasakasaka netiweki.

Za nkhungu. Mphepo ikamaomba kuchokera kummwera cha kum'mawa, imabweretsa chinyezi chimene chimakwera mapiri a Viphya n'kusanduka nkhungu ndi mvula yamawawa, ija ambiri timangoti chiperoni. Ikhoza kukhala masiku awiri kapena atatu. Mverani zimene a Nthambi yoona za nyengo alengeza Lachisanu. Akachenjeza za mwera panyanja ndi chiperoni kumapiri, sankhani njira yaifupi yam'munsi kapena sinthani tsiku. Nkhungu ikakupezani muli kale pamwamba, choyamba imani pamodzi, werenganani, valani majekete. Musabalalike kukasaka njira. Ngati njira imene munadzera mukuidziwa bwino, bwererani momwemo mwapang'onopang'ono, aliyense akuona msana wa mnzake. Njira zachidule ndi zimene zimasocheretsa anthu. M'nkhalango ya Chikangawa misewu ya mathiraki onyamula matabwa imafanana yonse, ndipo kumene mitengo yadulidwa posachedwa malo amasinthiratu maonekedwe. M'nkhalango zachilengedwe tinjira ta ootcha makala ndi otola nkhuni timaoneka topondedwa bwino kuposa njira yeniyeni, koma timakathera pa uvuni. Choncho pamalo achilendo lembani munthu wa m'mudzi wapafupi kuti akulondolereni, mugwirizane malipiro ake musananyamuke. Mapu a pafoni akopereni muli m'tauni kuti azigwira popanda intaneti.

Pagulu pakhale wotsogolera amene palibe womupitirira, ndi wotsalira m'mbuyo amene palibe wotsala kumbuyo kwake. Wotsalirayo akhale munthu wamphamvu wodziwa njira, osati amene watopa. Pamphambano iliyonse akutsogolo adikire mpaka womaliza afike, ndipo akafika naye apatsidwe mphindi zake zopuma. Kumakhala kuipa mtima kunyamuka iye akungofika. Wofuna kupatuka kutchire auze wam'mbuyoyo, asiye chikwama m'njira. Wezulo imamveka kutali kuposa mawu, ndipo kuliza katatu motsatizana ndi chizindikiro chopempha thandizo.

Madzi tengani malita awiri munthu mmodzi. Kukazizira ludzu silimveka, ndiye anthu amafika masana mutu ukuwawa, miyendo ikukokana, osadziwa kuti ndi kusowa madzi. Imwani pang'onopang'ono pa theka la ola lililonse. Madzi a mumtsinje, ngakhale oyera mbee, athireni WaterGuard motsata malangizo a pabotolo n'kudikira mphindi 30, chifukwa simudziwa zimene zili kumtunda. Fulasiki ya tiyi wa shuga ndi yamtengo wapatali pamwamba paphiri. Chakudya chikhale chosafuna moto: mbatata kapena chinangwa chophika, mazira owiritsa, mtedza wokazinga, nthochi, zitumbuwa, buledi. Idyani kadzutsa weniweni musanachoke kunyumba, ndipo m'njira muzidya pang'ono pafupipafupi, popeza thupi limapanga kutentha kuchokera ku chakudya. Mapaketi awiri a ORS akhale m'kachikwama ka mankhwala pamodzi ndi bandeji, pulasitala ndi panado. Amene muli ndi mphumu, tengani mankhwala anu opopera mkamwa ndipo muuze wotsogolera, chifukwa mpweya wozizira umaidzutsa; a shuga ndi a BP chimodzimodzi.

Muzitha kumuzindikira munthu amene kuzizira kwamulowa m'thupi. Amayamba ndi kunjenjemera kosaletseka, zala zimakanika kutseka zipi, kenako amapunthwapunthwa, amayankha mochedwa kapena zosagwirizana, amangoti ndisiyeni ndikhale kaye pano. Mwiniwake nthawi zambiri sadziwa, ndi anzake amene amaona. Mupititseni pobisika mphepo, mumuvule zonyowa, mumuveke zouma ndi chipewa, akhale pachikwama osati pansi pozizira, mumufunditse, anthu awiri amukhalire mbali ndi mbali. Ngati akutha kumeza bwino, mupatseni tiyi wofunda wa shuga ndi chakudya. Mowa ayi, ngakhale kabotolo kaja ena amati n'kofunditsa: umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva kufunda pamene kutentha kukuthawa m'thupi. Musamutikite manja ndi miyendo mwamphamvu. Akasiya kunjenjemera koma akadali wozizira ndi wosokonezeka, zafika poipa. Munyamuleni mosamala, mutumize anthu awiri kumene kuli netiweki akaitane galimoto yopita kuchipatala.

Zina ndi zachidule. Mphiri imakonda kuothera dzuwa panjira m'mawa wozizira ndipo sithawa, choncho yang'anani popondapo ndipo musapise dzanja pansi pa mwala. Wina akalumidwa, musamange chingwe, musatemere, musayamwe. Muvuleni mphete ndi zothina, asayende, mumunyamule kupita kuchipatala. Chitedze chimakhwima nyengo inoyi m'zigwa ndi m'mbali mwa mitsinje, musagwire ziyangoyango zimene simukuzidziwa. Mafuta onunkhira kwambiri amaitana njuchi. Moto musakoleze ngakhale kuzizire bwanji, makamaka m'mapaini. Kuyambira Julayi udzu umakhala utauma ndipo kamphepo pang'ono kakwanira kuotcha nkhalango.

Pa malo oyambira, ulendo wanu woyamba ukhale wa makilomita 8 mpaka 10 pafupi ndi tauni, monga cha ku Kaning'ina, kumene mukatopa kubwerera sikuvuta. Imeneyi ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo dera la mtsinje wa Lunyangwa ndi limene limamwetsa mzinda, ndiye atsogoleri a gulu ayambe apita ku ofesi ya zankhalango kukapempha chilolezo. Mukazolowera, pitani ku Viphya pamsewu wa M1 wopita ku Mzimba, cha ku Elephant Rock kapena ku damu la Luwawa. Kumeneko n'kokwera kuposa Mzuzu ndipo nkhungu imachedwa kuchoka. Kukwera ku Livingstonia kuchokera pa Chitimba pamsewu wa Gorodi, wa makona 20 uja, ndi makilomita pafupifupi 15 ndipo mumakwera mamita oposa 700. Mumayamba mukutentha kunyanja n'kukafika kozizira muli thukuta lokhalokha, ndiye malaya osinthira aja ndi pamene amaoneka ntchito yake. Pamathithi a Manchewe musayandikire kumphepete pofuna chithunzi, miyala yake ndi yoterera. Ku Nyika musakuike pa ulendo wa tsiku limodzi. Msewu wodzera ku Rumphi ndi pachipata cha Thazima umadya maola ambiri, Chelinda ili pamwamba pa mamita 2,000, nsonga ya Nganda imapitirira 2,600, ndipo Juni ndi Julayi udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Kumeneko n'kogona, ndipo kuli malamulo ake a paki.

Podutsa m'midzi perekani moni. "Monire" ndi "yewo" amatsegula njira zambiri kuno. Kagulu ka mitengo yowirira pakati pa minda kawirikawiri ndi manda, musalowemo kukapuma kapena kukadzithandiza. Musajambule anthu osawapempha, ndipo zinyalala zanu zibwerere nanu.

Musanatumize ndalama ya mayendedwe, afunseni atsogoleri a gululo kuti ulendowo ndi wa makilomita angati, ukukwera mamita angati, ndani anaiyendapo njirayo chaka chino, nthawi yotembenuka ndi iti, ndipo galimoto ikadikira pati. Akayankha kuti tikaona konko, dikirani ulendo wina. Kunyumba siyani uthenga wa kumene mwapita, nambala ya wotsogolera ndi nthawi imene ayambe kukufunani mukapanda kufika. M'thumba mukhale ndalama ya m'manja yokwanira kabaza ndi minibasi, chifukwa kumene kulibe netiweki Mpamba ndi Airtel Money sizikuthandizani. Chikwama longedzani Lachisanu usiku, jekete ikhale pamwamba penipeni poti muzingoisolola.