Funsani Amakaniko: Bodi Yodula Mphepo pa Njinga Yamoto ya Liwiro

Funso: Ndine Mmalawi ndipo ndimagwira ntchito yowongola ndi kupenta magalimoto ku Johannesburg. Ndili ndi njinga yamoto ya Suzuki Hayabusa yomwe ndinagula itachita ngozi nkuikonza ndekha, ndipo ndikulakalaka tsiku lina kukayesa liwiro lake pabwalo lovomerezeka. Kodi bodi yodula mphepo ija amaitcha fairing ndingaipeze kuti, nanga ndingayambire pati?

Yankho: Bambo, ndikupemphani kuti ndalama zanu ziyambe zakhala m'thumba, chifukwa chinthu choyamba kuchipeza si bodi koma buku la malamulo la bungwe lomwe likuyendetsa mpikisano umene mukufuna kulowa. Mabungwe ngati Southern California Timing Association, lomwe limayendetsa mipikisano pa chigwa cha mchere cha Bonneville ku Utah ndi pa nyanja youma ya El Mirage ku California, amagawa njinga m'magulu potengera kukula kwa injini, mtundu wa mafuta ndiponso kuchuluka kwa zophimba. Pali gulu la njinga zomwe ziyenera kuoneka monga zinachokera ku fakitale, pali gulu la njinga zosinthidwa koma zopanda chophimba, pali gulu la zophimbidwa mbali zina zokha momwe woyendetsa amayenera kuonekabe kwa munthu woima pambali, ndipo pamwamba pa onsewa pali streamliner, yomwe imamubisa woyendetsa mkati ngati mbewu m'khoko lake. Munthu akhoza kugula bodi yokongola, kuipenta bwino, nkukauzidwa patsiku loyendera njinga kuti mchira wake watalika kupyola muyeso kapena kuti waphimba kwambiri tayala lakutsogolo, ndipo pamenepo amangosankha pakati pa kuidula ndi sowo kapena kukapikisana m'gulu la njinga zamphamvu kuposa yake.

Mukadziwa gulu lanu, njira zopezera bodi zilipo zitatu, koma sizolingana kulemera kwake. Mukhoza kugula yatsopano ku makampani opanga zophimba za fibreglass, bola mukumbukire kuti katundu wotere ndi wopepuka koma wotenga malo, kotero mtengo wotumizira ndi msonkho zikhoza kukudabwitsani. Mukhozanso kugula yogwiritsidwapo kale ntchito kwa anthu a mipikisano, ndipo apa muyang'anitsitse ming'alu yozungulira mabowo a mabawuti. Njira yachitatu, yomwe ndikuganiza kuti ikukuyenerani inu amene manja anu anazolowera kale kusalaza bodi ya galimoto, ndiyo kutenga fairing ya mpikisano yopangidwira Hayabusa nkuisintha pang'onopang'ono. Hayabusa, yomwe inatuluka mu 1999 ndipo dzina lake m'Chijapani ndi la mtundu wa kabawi wothamanga kwambiri, inapangidwa kale moganizira mphepo, ndiye simukuyambira pansi.

Za malo, musaiwale kuti dziko lomwe mukukhalalo lili ndi mbiri yake pa nkhaniyi. Ku Northern Cape kuli Hakskeen Pan, komwe galimoto ya Bloodhound inathamanga makilomita oposa 1,000 pa ola mu 2019, ndipo kulinso Verneukpan, komwe Malcolm Campbell, katswiri wa ku Britain woyendetsa magalimoto a liwiro, anakayesa mwayi wake mu 1929. Pamsewu wa anthu onse musayese n'komwe.

Funso: Mnzanga akuti ndi bwino kuwonjezera mphamvu ya injini kusiyana ndi kutaya nthawi pa bodi. Ine ndikuona ngati akulakwitsa koma ndikulephera kumufotokozera. Zoona ndi ziti?

Yankho: Mnzanuyo sakunama kwenikweni, koma masamu sali mbali yake. Mphamvu yomwe mphepo imakankha nayo njinga imakula kanayi liwiro likawirikiza kawiri, ndipo mphamvu ya injini yofunika kugonjetsa mphepoyo imakula kasanu ndi katatu. Kunena mwachitsanzo, njinga yomwe ikuthamanga makilomita 200 pa ola ikafuna kufika pa 220, injini yake iyenera kuwonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yolimbana ndi mphepo, zomwe ndi ndalama zambiri ndiponso kutentha kwambiri. Mbali inayo, mukachepetsa kukankha kwa mphepo ndi magawo 10 pa 100 osakhudza injini, njinga yothamanga makilomita 250 pa ola imapindula makilomita pafupifupi 9, malinga magiya akulola. Ku Bonneville, komwe kuli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka moti injini yopanda turbo imataya mphamvu, komanso mchere sugwira tayala ngati phula, kotero mphamvu yowonjezerayo nthawi zina imangothera m'kuterereka kwa tayala lakumbuyo.

Muuzeni mnzanuyo nkhani ya Rollie Free. Mu 1948 ku Bonneville, mkuluyu anaona kuti zovala zake zachikopa zikukupiza ndi kung'ambika ndi mphepo, ndipo anazivula nkutsala ndi kabudula wosambira, nagona chafufumimba pamwamba pa njinga ya Vincent miyendo atatambasulira kumbuyo, nathamanga mamailosi 150 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 242. Malamulo a lero sangalole zimenezi, ndipo ndi bwino kuti salola, koma phunziro lake lilipobe: thupi la woyendetsa ndi gawo la bodi. Ngakhale anyamata a kabaza amadziwa zimenezi akamawerama potsetsereka, ngakhale sanaphunzirepo masamu ake.

Funso: Ndagula fairing yakutsogolo koma mabowo ake sakugwirizana ndi felemu ya njinga yanga. Ndiimange bwanji kuti isadzandipweteke?

Yankho: Musadandaule ndi mabowo, chifukwa bodi za mtundu umenewu kawirikawiri zimafunika kudula, kusalaza ndi kuboola mwatsopano. Ntchito iyambe chonchi: woyendetsa avale zovala zake zonse zachikopa ndi chipewa chake cholimba, akwere njinga nkuwerama monga adzachitire pothamanga, ndipo wina amujambule kutsogolo ndi m'mbali. Bodi iyenera kumangidwa mozungulira munthu wowerama ameneyu, osati mozungulira njinga yopanda munthu. Galasi lakutsogolo likakwera kwambiri limakulitsa dera lomwe likuwombana ndi mphepo, likatsika kwambiri mphepo imamenya chipewa ndi mapewa, ndipo woyendetsa akamalephera kuona bwino amadzutsa mutu nkuwononga zonse zomwe mwavutikira.

Poyesa malo, gwiritsani ntchito makatoni, matabwa ndi tepi mpaka mutakhutira, kenaka muwotcherere zitsulo zogwirira. Zitsulo zimenezi zimangidwe pa felemu, osati pa mafoloko kapena mahandulo, chifukwa chophimba chachikulu chomwe chimatembenuka limodzi ndi chiwongolero chimapatsa mphepo mwayi woyendetsa njinga m'malo mwa inu. Pa bowo lililonse onjezerani fibreglass kuti pakhuthale, ikani mawashala otambalala ndi labala yochepetsa kunjenjemera, ndipo mabawuti akhale odzitseka okha kapena omangidwa ndi waya. Ambiri amakonda zomangira za Dzus pa zidutswa zomwe zimachotsedwa pafupipafupi popeza zimatseguka ndi kupotoza pang'ono chabe.

Pali mipata itatu yomwe anthu amaiwala. Mahandulo ayenera kutembenuka mpaka pomwe amalekezera popanda kupana zala za woyendetsa. Mafoloko akabonyera mpaka pansi, tayala lisakhudze bodi, ndipo mukumbukire kuti tayala limafufuma pang'ono likamazungulira mothamanga kwambiri, kotero mpata woonekera kukwana m'galaja ukhoza kutha pa liwiro. Ekizozi nayo ikhale kutali ndi fibreglass kapena itchingidwe ndi chotchinga kutentha. Za kuziziritsa injini, bowo lolowera mpweya likhale laling'ono monga kungathekere, koma mpweya wotentha ukhale ndi potulukira, chifukwa mpweya wolowa wopanda njira yotulukira suziziritsa radiyeta, umangofufumitsa bodi.

Funso: Ndaona zithunzi za njinga zokhala ndi mchira wautali kumbuyo. Kodi ndi zokometsera chabe? Nanga ndingadziwe bwanji kuti bodi yanga ikugwira ntchito popeza ndilibe chipangizo choyesera mphepo?

Yankho: Mchira si wokometsera ayi, ndipo ine ndimauona kukhala wofunika kuposa mphuno. Njinga ikang'amba mpweya, kumbuyo kwa woyendetsa kumatsala dera la mpweya wosokonezeka lomwe limaikokera m'mbuyo, monga momwe madzi amazungulirira kuseri kwa bwato lopanda nsonga kumbuyo. Mchira womwe ukuyambira pa msana ndi m'chiuno mwa woyendetsa nkumachepa pang'onopang'ono umathandiza mpweya kubwerera pamodzi mosaphwanyika. Ukachepa mofulumira, mpweya umausiya ndipo mwangonyamula katundu wopanda phindu.

Koma apa mpomwe pagona ngozi, ndipo ndikufuna mundimvetse bwino. Bodi iliyonse imawonjezera dera lomwe mphepo ya m'mbali ingakankhe, ndipo dera limeneli likachuluka kutsogolo kwa pomwe pali kulemera kwa njinga, njingayo imafuna kutembenuka yokha. Muvi umauluka mowongoka chifukwa kulemera kuli kunsonga ndipo nthenga zili kumbuyo, ndipo njinga ya liwiro iyenera kutsata dongosolo lomweli. N'chifukwa chake bungwe la FIM, lomwe limayang'anira mipikisano ya njinga zamoto padziko lonse, linaletsa kuyambira mu 1958 zophimba zazikulu zomwe zinkabisa tayala lakutsogolo pa mipikisano ya Grand Prix, ngakhale zinkathamangitsa njinga. Burt Munro wa ku Invercargill m'dziko la New Zealand, yemwe mu 1967 ali ndi zaka 68 anaika rekodi ya makilomita pafupifupi 296 pa ola ndi njinga ya Indian Scout ya mu 1920, anavutika kwa zaka ndi kugwedezeka kwa bodi yake yodzipangira ndipo anaisintha kangapo. Ngakhale Ack Attack, streamliner ya mainjini awiri a Hayabusa yomwe Rocky Robinson anathamanga nayo makilomita oposa 605 pa ola mu September 2010, inagubuduzikapo pamchere isanafike pamenepo. Chinanso choti muchipewe ndi mphuno kapena pansi pa bodi pomwe pamanyamula tayala lakutsogolo, chifukwa chiwongolero chikapepuka pa liwiro lotere simukhalanso ndi ulamuliro.

Poyesa, simukufunikira makina odula. Dulani ulusi wa ubweya m'tizidutswa ta masentimita pafupifupi 10, mumate ndi tepi m'mizere pa bodi, pa mchira ndi pa msana wa woyendetsa, ndipo mumange kamera yaing'ono kapena wina ajambule pa bwalo lotsekedwa. Pomwe ulusi wagona mowongoka, mpweya ukuyenda bwino. Pomwe ukuvinavina kapena kuloza kutsogolo, mpweya wasiya bodi ndipo ndi pamenepo pofunika kukonza. Musinthe chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse, mulembe liwiro, kutentha kwa injini ndi komwe mphepo imachokera, ndipo mukweze liwiro pang'onopang'ono, monganso mabungwe a mipikisano amafunira kwa oyamba kumene asanawapatse chilolezo cha liwiro lapamwamba. Mukadzathamanga pa mchere, mudzachotse bodi yonse mukangobwerako nkutsuka njinga ndi madzi ambiri, chifukwa mchere umabisala kuseri kwa zophimba ndipo umadya zitsulo zogwirira, mawaya ndi mabawuti mkati mwa masabata ochepa.