Kodi chaka cha honours mu Geography n'choyenera ndalama zake?

Mwa makalata onse omwe ndalandira pa imelo mwezi uno, pali imodzi yomwe yandikhalitsa pansi. Yachokera kwa mtsikana amene wangomaliza digiri ya Geography kuno ku Zomba, ndipo wapatsidwa malo pa yunivesite ina ya ku South Africa kuti akachite chaka chimodzi cha honours. Akufuna kudziwa ngati chakacho n'choyenera ndalama zake, komanso ntchito zomwe angadzagwire akabwerako. Kumapeto kwa kalatayo waonjezera kuti amalume ake, omwe ndiwo angalipire, amuuza kuti mathero a Geography ndi choko ndi bolodi basi.

Achemwali, mawu a amalume anuwo ndi amene andichititsa kuti ndiyankhe poyera m'malo mokulemberani panokha, chifukwa inenso ndinawamva mawu omwewo kuchokera kwa abale amene ankandikonda ndipo ankalakalaka ndikadaphunzira zamalamulo kapena zowerengera ndalama. Choko ndinachigwiradi. Nditamaliza ku Chirunga, pa nthawi yomwe pankatchedwabe Chancellor College, ndinakaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera m'boma lomwe lino, pomwe mapu a dziko la Malawi analipo amodzi okha, ong'ambika chakumpoto, moti Chitipa ndi Karonga ndinkachita kujambula ndekha pa bolodi. Zaka zimenezo sindichita nazo manyazi, ndipo zimandipweteka ndikamva munthu wamkulu akutchula uphunzitsi ngati chilango cha amene walephera kwina. Mwana wa Fomu 3 amene waphunzira kuwerenga mizere yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa malo pa mapu, n'kuzindikira chifukwa chake madzi a mvula amathamangira mbali imodzi ya mudzi wawo chaka ndi chaka, wapeza nzeru yomwe ingadzapulumutse banja lake. Choncho ngakhale amalume anu akadakhala kuti akunena zoona, sindikadaona chochititsa manyazi. Koma sakunena zoona zonse, ndipo n'chifukwa chake kalata yanu ikufunika yankho lalitali.

Poyamba mumvetse chomwe akuitanirani. Ku South Africa digiri yoyamba ya maphunziro ngati athuwa imatenga zaka zitatu, ndipo honours ndi chaka chachinayi chomwe munthu amachita atatenga kale digiri, ngati mlatho wopitira ku masters. Kwathu kuno digiri yoyamba imatenga zaka zinayi, ndipo ambiri timalemba kafukufuku waung'ono m'chaka chomaliza. Pachifukwa ichi, mayunivesite ena a kumeneko amalola wophunzira wa ku Malawi kulowa masters mwachindunji, pomwe ena amaumirira kuti ayambe wachita honours, ndipo zambiri zimatengera momwe bungwe la SAQA, lomwe limayesa mapepala a maphunziro ochokera kunja, layikira digiri yanu. Ichi n'chinthu choti muchidziwe musanagule tikiti ya basi ya ku Johannesburg.

Ine yunivesite ya kumeneko inandiuza kuti ndiyambe honours, ndipo ndinapita ndi ndalama zomwe ndinasunga pa malipiro a uphunzitsi komanso zomwe mayi anga anapeza atagulitsa mpunga wa chaka chonse. Chakacho chinali chothina kwambiri. Panali maphunziro a njira zochitira kafukufuku, a GIS, omwe ndi luso losanja ndi kusanthula zinthu pa mapu a pa kompyuta, a kawerengedwe ka zithunzi zojambulidwa ndi setilaiti, komanso a mbiri ya maganizo a akatswiri a Geography, omwe ankafuna kuwerenga kwambiri kuposa ena onse. Pamwamba pa zonsezi panali kafukufuku wanga ndekha, woti ndimuyambe, ndimumalize ndi kumuteteza chaka chisanathe. Anzanga ambiri anasankha mitu ya m'mizinda ya kumeneko. Ine ndinapempha kuti ndilembe za nyanja ya Chilwa, ndipo mphunzitsi wondiyang'anira anavomera pokhapokha ndikalonjeza kuti pa tchuthi ndidzapita kunyanjako ndi mapazi anga.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imalandira madzi kuchokera ku mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe, ndipo poti ndi yosazama, dzuwa limaimwa msanga mvula ikavuta zaka zotsatizana. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, inaphwa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 tinaonanso mabwato atagona pa matope ong'ambika. Ntchito yanga inali yoyeza kukula kwa madzi pa zithunzi za Landsat, masetilaiti a ku America omwe akhala akujambula dziko kuyambira 1972, ndipo zithunzi zawo zinayamba kuperekedwa ulere mu 2008. Pa kompyuta zonse zinkaoneka zomveka bwino: apa madzi, apa mtunda. Nditafika ku Kachulu ndi kachipangizo ka GPS m'manja, msodzi wina wachikulire anandikweza m'bwato n'kundilowetsa m'kati mwa njedza, udzu wautali wa m'dambo uja, pa malo omwe chithunzi chinkati ndi mtunda wouma. Anaviika mponda wake, mtengo wautali woyendetsera bwato, ndipo madzi anafika pafupifupi m'chiuno mwa munthu. Chapatsogolo pang'ono panali zimbowera, tinyumba toyandama tomwe asodzi amagonamo masabata ambiri akusaka matemba ndi milamba. Setilaiti inkaona nsonga zobiriwira za njedza, osaona madzi omwe anali pansi pake, ndipo munthu wongodalira chithunzicho akadalemba kuti nyanja ndi yaying'ono kuposa momwe inalili, n'kusiya kunja malo enieni omwe nsomba zimaswanirana. Bamboyo anandionetsanso chulu chomwe madzi anafikapo m'chaka cha mvula yambiri ali mnyamata, ndipo nditabwerera n'kufufuza zithunzi zakale ndinapeza kuti mzere wa madzi unadutsadi pomwepo.

Chomwe chaka cha honours chinandipatsa ndi chimenechi: kutha kufunsa funso limodzi lomveka, kusonkhanitsa umboni wa pa kompyuta ndi wa pansi, kuona pomwe ukutsutsana, ndi kulemba zomwe ndapeza m'njira yoti munthu wina angathe kuzibwereza. Pa digiri yoyamba tinkaphunzira zambiri koma mwapatalipatali. Apa ndinakhala ndi nkhani imodzi miyezi yambiri mpaka inandilowa m'magazi. Ndipo pa mafunso onse a ntchito omwe ndakhalapo kuchokera nthawi imeneyo, palibe amene anatenga nthawi pa dzina la pepala langa. Onse ankafuna kuona mapu omwe ndinapanga ndi kumva momwe ndinawapangira.

Apa ndiye pomwe mtima wanga umatentha. Dziko lino likumira ndi kuuma mosinthanasinthana, koma anthu odziwa kuyeza ndi kujambula zimenezi tikuwauza kuti maphunziro awo alibe ntchito. Tinaona madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022, ndi wa Freddy mu Malichi 2023, pomwe matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu mazanamazana anafa m'chigawo chino cha kummwera. Nthawi iliyonse zikatere pamafunika mapu osonyeza midzi yomwe yakhudzidwa, milatho yomwe yaduka ndi malo okwera omwe anthu angasamukireko. Ndinagwirapo ntchito ndi bungwe lina, lomwe sinditchula dzina, lomwe linaitanitsa katswiri wochokera kunja kwa masabata ochepa, pa mtengo womwe ukadalipira Amalawi angapo chaka chathunthu, ndipo mapu omwe anasiya anaika midzi iwiri tsidya lolakwika la mtsinje chifukwa sanafikeko. Sindikudana ndi akatswiri akunja, ambiri a iwo ndi aluso ndithu. Chomwe ndikukana ndi chizolowezi choganiza kuti ntchito yotereyi singagwiridwe ndi mwana wobadwira ku Jali kapena ku Mayaka, amene amadziwa chilankhulo cha anthu, amadziwa kulonjera mfumu, ndipo akhoza kubwereranso pa malopo mvula ikatha.

Ife a ku Zomba tilibe chifukwa chodabwira ndi ngozi za madzi zoterezi. Agogo athu amasimbabe za napolo wa mu Disembala 1946, pomwe mvula yoopsa inagwa pa phiri la Zomba, mitsinje n'kutsika ndi miyala ndi mitengo, kugumula milatho ndi kupha anthu m'tauni yomwe panthawiyo inali likulu la dziko. Ku Phalombe zofananazo zinachitika mu 1991. Komabe yendani lero m'mbali mwa Likangala, ku Chikanda komwe ophunzira ambiri a pa yunivesite amachita lendi, kapena ku Mpondabwino, muone momwe nyumba zayandikirira mtsinje, ndi momwe anthu akukumbira mchenga ndi kuumba njerwa pa gombe penipeni. Kwezani maso muone malo otsetsereka omwe mitengo inatha. Anthu omanga pamenepo si opusa; malo abwino ndi odula ndipo munthu ayenera kugona penapake. Koma payenera kukhala wina wotha kuonetsa khonsolo, ndi manambala ndi mapu, kuti madzi a mvula yaikulu adzafika mpaka pati, ndi kuti ndi mabanja angati omwe ali m'njira yake. Munthu ameneyo amaphunzira Geography, ndipo nthawi zambiri luso lakelo amalinola m'chaka chonga chomwe mwaitanidwirachi.

Kumene ntchito zimabisala

Chomwe chimasocheretsa makolo n'chakuti simudzaona kawirikawiri mu nyuzipepala kuti akufuna munthu wa Geography. Ntchitozo zimabwera ndi mayina ena: woyang'anira GIS, wounika momwe chitukuko chingakhudzire chilengedwe, wolondoloza ndi kuyeza zotsatira za mapulojekiti, wokonza mapulani a mizinda ndi maboma, woona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, wothandiza pa kafukufuku. Mumzinda wathu womwe uno muli National Statistical Office, yomwe kalembera wake wa 2018, amene anapeza kuti tinalipo anthu oposa 17.5 miliyoni, anayamba ndi ntchito yogawa dziko lonse m'timadera ting'onoting'ono pa mapu owerengera asanatuluke ndi matabuleti awo. Muli likulu la Geological Survey Department, muli Forestry Research Institute of Malawi, muli Centre for Social Research ya yunivesite. Kunja kwa Zomba kuli nthambi ya boma yoona zanyengo ku Blantyre, DoDMA yoona za ngozi, MEPA yomwe inakhazikitsidwa potsatira lamulo la zachilengedwe la 2017, mabungwe ogawa madzi, makhonsolo, ndi mabungwe omwe si aboma. Malamulo a malo a 2016 anatsegula njira yoti malo a makolo azilembetsedwa, ndipo munda sungalembetsedwe malire ake asanajambulidwe. Mu 2020 bungwe la UNICEF linatsegula African Drone and Data Academy kuno ku Malawi, yophunzitsa achinyamata kuulutsa madroni ndi kusanthula zithunzi zake.

Ndikuchenjezeni pa zinthu ziwiri. Malo m'maofesi amenewa ndi ochepa, ambiri ndi a kontirakiti ya miyezi yowerengeka, ndipo olimbirana nanu ndi ochokera ku MUST, ku Mzuzu University, ku LUANAR ndi ku MUBAS, ena a iwo ataphunzira GIS kapena zanyengo kwa zaka zinayi zathunthu. Komanso honours ya Geography sikusandutsani woyeza malo wovomerezeka ndi lamulo. Imeneyo ndi njira ina yokhala ndi maphunziro ndi kaundula wake.

Tsono yankho langa ndi ili. Lemberani yunivesiteyo muwafunse mwachindunji ngati digiri yanu ya zaka zinayi, ikayesedwa ndi SAQA, ingakulowetseni masters. Akavomera, pitani ku masters, chifukwa thandizo la maphunziro monga la Commonwealth ndi la bungwe la DAAD la ku Germany limapezeka kwambiri pa mlingo umenewo, ndipo amalume anu sangasenze mtolo wonse okha. Akakana, honours ndi yoyenera ngati pologalamuyo ili ndi GIS ndi zithunzi za setilaiti zochita ndi manja, ndiponso ngati alipo mphunzitsi wovomera kuti kafukufuku wanu akhale wa kuno kwathu. Ngati zimenezi palibe, kapena ngati ndalamazo zingafune kugulitsa munda wa banja, dikirani chaka. Ikani QGIS, pologalamu yaulere yopangira mapu, pa laputopu yanu, tsitsani zithunzi za setilaiti za Sentinel-2 za mtsinje wa Likangala, ndipo mupange mapu atatu abwino osonyeza nyumba zomwe zili pafupi ndi madzi kuchokera ku Mpondabwino mpaka ku Chikanda. Mukatero mupite nawo kwa amalume anu, muwayale patebulo, ndipo muwafotokozere kuti ndi maofesi ati omwe amalipira munthu wotha kupanga zoterozo. Mapu omwewo ndi amene mudzaphatikize pa kalata yofunsira ntchito kapena malo a masters chaka chamawa.