Chrome ikusendeka m'chikombole cha billet, kodi tiichindikalitse?

M'bale wathu wina amene amagwira ntchito pa fakitale yosungunula zitsulo zakale ku Gauteng, m'dziko la South Africa, wanditumizira imelo. Akuti m'chikombole chawo, chomwe ndi chubu cha mkuwa momwe amathira chitsulo chosungunuka kuti chizituluka kunsi ngati billet (mtanda wautali wachitsulo), chrome (chitsulo cholimba chonyezimira) yokutira mkati ikumang'aluka n'kusendeka cha kumtunda, chubu chisanagwire n'komwe ntchito yokwanira. Akufunsa ngati kuli bwino kuuza okuta ndi magetsi aja kuti aziikamo yochindikala.

Achimwene, musatero. Mungowonjezera vuto.

Chikombole chimenechi si cha njerwa chongopereka maonekedwe. Ntchito yake yaikulu ndi kuchotsa kutentha. Chitsulo chimalowa chili pa madigiri oposa 1,500, pomwe mkuwa umasungunuka pa 1,085. Chimene chimaupulumutsa ndi madzi othamanga kuseri kwake. Mkuwa umadutsitsa kutentha pafupifupi kanayi kuposa chrome kapena nickel, ndiye chilichonse mwakuta pamwamba pake chili ngati bulangeti. N'chifukwa chake m'machubu a billet chrome imangoikidwa pafupifupi mamilimita 0.1. Osakuta n'komwe sizingathekenso, poti mkuwa ndi wofewa, umatha msanga, ndipo ukapakika pa chitsulo chotentha umalowerera n'kusiya ming'alu yooneka ngati nyenyezi.

Tsono kumtunda ndi kumunsi kumadwala matenda osiyana. Kumunsi khungu la billet lauma kale, limakhula khoma pamene chikombole chikugwedezeka kukwera ndi kutsika, ndiye kumafunika chokutira cholimba. Kumtunda, pamzere pomwe chitsulo chamadzi chimalekezera, mdani ndi moto. Mkuwa ukatenthedwa umafutukuka kuposa kawiri mmene chrome imafutukukira, komanso chrome yolimba imatuluka m'thanki yokutira ili kale ndi timing'alu tosaoneka ndi maso. Ikachindikala, timing'alu tija timakula msanga.

Chimene ndikukayikira kwambiri kwanuko ndi zinc. Mwati mumasungunula zitsulo zakale, ndipo mmenemo simulephera malata ndi zigamba za magalimoto zokutidwa ndi zinc. Nthunzi yake imalowa m'timing'alu ta chrome, ikafika pa mkuwa imasakanikirana nawo n'kupanga brass (mkuwa wachikasu) yosachedwa kuthetheka, ndipo chrome imanyamuka ngati nkhanambo ya chilonda. Mukapala pamzerepo n'kuona chikasu m'malo mwa kufiira kwa mkuwa, mwamugwira wakubayo.

Okuta aja afunseni za nickel yoyala pansi pa chrome. Ilibe ming'alu yotere, ndipo kafutukukidwe kake kali pakati pa mkuwa ndi chrome. Koma mufunsitse zimene amathira m'thanki mwawo. Nickel yokutidwa ndi mankhwala otchedwa sulfamate ndi yabwino poti siikhala yokokana mkati, koma ena amawonjezera mankhwala otchedwa saccharin kuti isalale, sulfure wake n'kutsalira mu nickel, ikatenthedwa imathetheka. Ndimamva chisoni chubu chodula chikatayidwa chifukwa cha kanthu kotere, kamene wogula sanauzidwe.

M'zikombole zikuluzikulu za slab (zitsulo zotambalala zaphanthiphanthi) anthu anapita kale patsogolo: amakuta ndi nickel kapena nickel yosakaniza ndi cobalt, mopyapyala kumtunda, mochindikala mamilimita angapo kumunsi. Cobalt imathandiza kuti chokutira chisafewe chikatenthedwa, ngakhale mtengo wake ndi wowawa. Palinso china chikukankha anthu kusiya chrome: mankhwala ake okutira amayambitsa khansa, ndipo ku European Union kuyambira mu September 2017 sungawagwiritse ntchito popanda chilolezo chapadera.

Musanaimbire foni okuta, solonani chubu chimodzi chowonongeka muone kuseri kwake. Ngati kwamera zoyera ngati za m'ketulo, madzi anu ndiwo akulepheretsa kutentha kutuluka, ndipo chokutira chilichonse chidzapsa pomwepo. Munditumizire zithunzi za mbali zonse ziwiri, mundiuzenso matani amene chubucho chinatulutsa chisanachotsedwe.